CHENJEZO: Galimoto Yamagetsi Ikakana Kutchaja, Musaikakamize

Uthengawu ukupita kwa anthu onse a ku Matawale, ku Chinamwali ndi madera ena a mzinda wa Zomba, makamaka amakanika, okonza magetsi a magalimoto, akabaza ndi eni nyumba za lendi.

Galimoto kapena njinga yamoto yoyendera batire ikakana kutchaja, musaikakamize. Musadule pulagi n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi. Musamange kawaya ka kopa m'malo mwa fyuzi. Musachotse kachipangizo koteteza batire. Koposa zonse, musakhudze nthambo iliyonse ya mtundu wa lalanje, imene imanyamula magetsi a batire lalikulu. Nthawi zambiri galimoto imakana chifukwa chitetezo chake chaona vuto limene inu simunalione, ndiye chatseka njira. Mukachilambalala, vuto lija limatsala pomwepo, chitetezo n'chimene chachoka.

Magalimoto oyendera magetsi okhaokha akadali ochepa m'Zomba, koma nkhaniyi yatifika kale pakhomo. Mizere ya mafuta imene anthu akhala akugonapo kuyambira 2022, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zachititsa ambiri kuyang'ana ku zoyendera batire. Magalimoto ogwiritsa ntchito petulo ndi batire pamodzi, monga Toyota Aqua ndi Prius, ali kale mumsewu wa M3. Amenewa salumikizidwa kukhoma, komabe amanyamula batire lalikulu: la Aqua ndi la 144V, la Prius ndi la pafupifupi 200V, ndipo asanafike ku mota magetsiwo amakwezedwa mpaka 500V kapena kuposerapo. Batire la Nissan Leaf, imene imatchajidwa kukhoma, ndi la pafupifupi 360V. Soketi ya m'nyumba mwanu, imene tonse timaiopa, ndi ya 230V. Malamulo a mayiko okhudza kapangidwe ka magalimoto amati magetsi a batire akapitirira 60V ndi oopsa kale.

Ndiyambe ndi inu amakanika, popeza galimoto ikafa imabwera kwa inu. Luso lanu palibe akulikayikira. Magalimoto amene kwawo ku Japan akanaphwanyidwa kalekale akupitabe ku Liwonde n'kubwerako chifukwa cha manja anu. Koma lusoli linakulira pa batire la 12V, ndipo zizolowezi zake zina pa 360V zimapha. Kugunditsa waya kuchitsulo kuti muone ngati athetheka, kuyeza ndi kababu ka mawaya awiri, kusiya sipanala pamwamba pa batire, kugwira ntchito mutavala mphete kapena wotchi yachitsulo, zonsezi pa 12V zimathera pa kudzidzimuka kapena kupsa chala. Magetsi a ESCOM amasinthasintha mbali, ndipo ka 100 pa sekondi iliyonse mphamvu yake imatsika kufika pa ziro, zimene zimathandiza moto wothetheka kuti uzime. A m'batire sasintha mbali. Akathetheka, motowo umapitirira, umasungunula chitsulo, umaotcha nkhope ndi maso.

Pali chinanso chimene chingasocheretse ngakhale makanika wa zaka zambiri. M'galimoto wamba, thupi lonse lachitsulo ndi negative ya batire. M'galimoto yamagetsi sizili choncho: batire lalikulu silikhudzana ndi thupi la galimoto, mbali zake zonse ziwiri zinatchingidwa, ndipo kompyuta ya galimoto imayeza kutchingako nthawi zonse. Khoswe akatafuna nthambo, madzi akalowa m'bokosi, kapena mwala wa mumsewu wafumbi ukang'amba chikutiro cha waya, kompyuta imazindikira kuti magetsi ayamba kudontha. Imayatsa nyali pa dashboard, ndipo imatha kukana kutchaja kapena kuyenda. Pa nthawi imeneyo munthu angagwire chitseko osamva kanthu, chifukwa mbali imodzi yokha ndi imene yakhudza chitsulo. Apa m'pamene wina amati kompyuta ikunama, nafufuta uthengawo ndi makina kuti mwini galimoto apite wokondwa. Zikatero thupi lonse la galimoto lakhala mbali imodzi ya batire. Tsiku limene dzanja lidzakhudze mbali inayo, chigongono chitatsamira pachitsulo, magetsi adzadutsa m'thupi la munthuyo. Uthenga wonena za kudontha kwa magetsi suyenera kufufutidwa malo odonthawo asanapezeke n'kukonzedwa.

Kufufuza vuto la kutchaja kuli ndi poyambira pake, ndipo ndi pakhoma. Mavuto ambiri ali m'nyumba ndi m'nthambo, kumene mwini galimoto angathe kuona ndi maso popanda kutsegula chilichonse.

Zimitsani swichi, zulani pulagi, muiyang'ane bwinobwino pamodzi ndi soketi. Ngati pali kuda, kusungunuka, mano a pulagi osintha mtundu, kapena fungo la pulasitiki wopserera, lekani pomwepo. Soketi imeneyo yatopa. Ketulo imakoka magetsi ambiri, koma pakatha mphindi zisanu yazima ndipo waya wapuma. Kutchaja galimoto kuli ngati ketulo imene ikuwira usiku wonse osazima. Batire la Leaf yakale ndi la 24kWh, kutanthauza mayunitsi pafupifupi 24 pa mita yanu ngati latheratu, ndipo pa 10A limafuna maola oposa khumi kuti lidzaze. Kasikuluwu kakang'ono kokhwepa kuseri kwa soketi, kamene pa wailesi ndi pa firiji sikanavutepo, pa maola khumiwo kamatentha mpaka kuyatsa pulasitiki. N'chifukwa chake ekisitenshoni, adaputa ya mabowo ambiri, ndi nthambo yodutsa pawindo kuchokera kwa oyandikana nawo nyumba siziyenera kugwiritsidwa ntchito potchaja galimoto ngakhale tsiku limodzi.

Amene munaitanitsa galimoto ku Japan, samalani kwambiri ndi nthambo imene inabwera m'buti. M'nyumba za ku Japan magetsi ndi 100V, ndipo nthambo zotchajira Leaf kumeneko zinapangidwira 200V ndi 15A, ndi pulagi yakeyake imene silowa m'masoketi athu. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi yosapitirira 13A. Munthu akadula pulagi ya ku Japan n'kuikapo yathu, galimoto imakokabe 15A, pulagi imatentha ndipo fyuzi imatha kupsa. Ikapsa kawiri, chimene chimabwera m'maganizo ndi kawaya ka kopa. Kawaya kameneko sikadzapsa, chimene chidzapse ndi soketi ndi denga. Gulani nthambo yopangidwira 230V imene sikoka kupitirira 10A, kapena itanani wamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA akuikireni waya wakewake kuchokera pa bokosi la ma breaker kukafika pamene galimoto imaima, ndi soketi yolingana ndi mphamvuyo.

Soketi ikakhala yabwino koma kabokosi ka pa nthambo n'kumayatsa nyali yosonyeza vuto, ganizirani za earth. Nthambo zambiri zotchajira zimayamba zayeza ngati nyumba ili ndi earth, ndipo zikapanda kuipeza sizitulutsa magetsi. Nyumba zathu zambiri, makamaka zipinda zimene zinawonjezeredwa kuseri pambuyo pake, zili ndi waya wa earth woduka, wodyeka ndi dzimbiri, kapena wosalumikizidwa n'komwe. Nthawi yachilimwe nthaka ikauma, chitsulo chokhomeredwa pansi chija chimagwira ntchito mofooka kuposa nthawi yadzinja, moti galimoto imene inkatchaja bwino mu Malichi ingayambe kuvuta mu Okutobala. Pa intaneti pali anthu ophunzitsa njira zonamizira kabokosiko kuti kaziona ngati earth ilipo. Musazitsate. Earth ndi njira imene magetsi odontha amathawira m'malo modutsa mwa munthu, ndipo galimoto ndi chitsulo chachikulu chimene ana amatsamira akamasewera pabwalo, mapazi ali pa dothi lonyowa. Wamagetsi ayeze earth ndi makina ake, aikenso breaker yodula magetsi akadontha, ya 30mA. Mlingo umenewo ndi 0.03A basi, chifukwa mtima wa munthu sufuna magetsi ambiri kuti usokonezeke. Breaker imeneyi ili ndi batani loyesera. Lidinikeni nthawi ndi nthawi muone ngati ikudula. Ikamagwa nthawi iliyonse mukalumikiza galimoto, musaichotse kapena kuikapo yaikulu. Yapeza chinachake.

Kuthima kwa magetsi tinakuzolowera, makamaka kuchokera mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutichotsera pafupifupi 130MW. Chizolowezi chosiya zinthu zili m'soketi kuti magetsi akabwera zipitirize zokha n'choipa pa batire lalikulu. Magetsi amatha kubwera pakati pausiku aliyense ali m'tulo, nthawi zina akubwera n'kuthimanso, ndipo tchaja imayamba ntchito popanda woiona. Akathima, zulani. Kukayamba ziphaliwali, zimene m'munsi mwa phiri lino sizisowa nthawi yamvula, zulaninso. Ngati madzulo mababu akuwala mofooka ndipo galimoto ikungodula kutchaja, mwina magetsi a m'dera atsika. Dikirani kapena dziwitsani a ESCOM. Kajenereta kakang'ono ndi invata ya sola yapanyumba sizinapangidwire katundu wotere.

Tsopano nthambo yeniyeniyo. Kabokosi kamene kali pakati pake anthu amakatcha tchaja, koma tchaja yeniyeni ili m'kati mwa galimoto. Kabokosiko ndi mlonda wa pachipata. M'kati mwa nthambo muli kawaya kowonda kamene kabokosi ndi galimoto zimalankhulirana: pakakhala palibe cholumikizidwa pamakhala 12V, galimoto ikalumikizidwa zimatsika kufika pa 9V, ikapempha magetsi zimafika pa 6V, ndipo pamenepo m'pamene kabokosi kamatsegula 230V. Kawaya kameneka kakaduka chifukwa nthambo inapondedwa ndi tayala kapena inapanidwa ndi geti, kutchaja sikuyamba ngakhale mawaya aakulu ali bwino. Yendetsani dzanja pa nthambo yonse itazulidwa kukhoma, muone ngati pali pong'ambika kapena potupa. Nthambo yong'ambika siikonzedwa ndi tepi, imasinthidwa. Yang'ananinso ndi tochi m'kabowo kolumikizira pa galimoto, chifukwa fumbi, madzi, nyerere ndi mavu omanga ndi dothi zimalowamo. Musatokosemo ndi waya kapena msomali. Ngati mungapeze wina wokhala ndi nthambo ya mtundu womwewo, yesani yake: ikagwira, mwadziwa pamene pali vuto osamasula sikuluwu ngakhale imodzi.

Pa galimoto penipeni pali zinthu ziwiri zimene n'zosaopsa kuziona, ndipo zonse zimanamiza anthu kawirikawiri. Choyamba ndi wotchi yotchajira. Leaf imalola mwini wake kuika nthawi yoti kutchaja kuyambe, ndipo galimoto yochokera ku Japan ingabwere ndi nthawi imene mwini wake wakale anaika, m'zilembo za Chijapani, pa wotchi imene ili patsogolo pa yathu ndi maola 7. Galimotoyo imangokhala duu, kudikira ola lake. Pali batani lozimitsira wotchiyo kuti kutchaja kuyambe pompopompo. Chachiwiri ndi batire laling'ono la 12V, lofanana ndi la galimoto iliyonse. Ndi limene limadzutsa kompyuta ndi kuyatsa maswichi aakulu olumikiza batire lalikulu. Likafooka, galimoto siitchaja ndipo imaonetsa mauthenga ambirimbiri oopseza. Batire labwino likapuma limaonetsa pakati pa 12.4V ndi 12.7V. Ili lokha ndi limene makanika wamba angaliyeze ndi kulisintha monga mwa masiku onse.

Ndiwonjezerepo chimodzi chokhudza ife a m'Zomba. Galimoto yamagetsi ikamatsetsereka, mota imaigwira kuti isathamange n'kumabwezera mphamvuyo m'batire. Batire likadzaza ndithu, mphamvuyo imasowa kolowa ndipo kugwirako kumachepa kapena kutheratu. Amene angatchaje mpaka kudzaza ali ku Ku Chawe, n'kuyamba kutsika msewu wokhotakhota uja, adzamva galimoto ikuthamanga kuposa mmene anazolowera. Palibe chawonongeka, koma mabuleki ndi amene akusenza ntchito yonse. Musadzaze batire muli pamwamba pa phiri.

Zonsezi zikakhala bwino koma galimoto ikukanabe, pamatsala kuwerenga mauthenga a kompyuta ndi makina olumikiza pa kabowo ka OBD pansi pa chiwongolero. Lembani nambala iliyonse pa pepala musanafufute kanthu. Apa ndi pamalire. Kupitirira apa ndi tchaja ya m'kati, maswichi aakulu, nthambo za lalanje ndi batire lenilenilo, ndipo amene sanaphunzire ntchito ya magetsi amphamvu a galimoto asapitirire. Safunsa anadya phula. Kunena kuti “iyi sindiidziwa, pitani nayo kwa ophunzira” sikuchotsa ulemu wa makanika, ndipo ku Blantyre si kutali.

Amene anaphunzira amadziwa kuti ntchitoyi ili ndi ndondomeko imene salumpha ngakhale atafulumira. Amazimitsa galimoto n'kuika kiyi kutali, amamasula negative ya batire la 12V, amavala magolovesi a labala olembedwa 1000V atawayesa kaye ngati sanabooke, amazula pulagi yodulira batire lalikulu n'kuisunga m'thumba mwake kuti wina asaibwezeretse. Kenako amadikira mphindi 10, chifukwa m'kati muli zipangizo zosunga magetsi ngakhale batire litadulidwa. Akatero amayeza ndi mita yopirira 1000V, ataiyesa kaye pa chinthu chimene akudziwa kuti chili ndi magetsi. Sagwira ntchitoyi yekha. Ndipo ngakhale pulagi ija itazulidwa, m'kati mwa bokosi la batire magetsi amakhalamobe. Batire lilibe swichi yoliphera. Magolovesi a m'munda kapena a owotcherera zitsulo sateteza kanthu pano.

Abale anga akabaza, gawo ili ndi lanu, ndipo ndi limene likundidetsa nkhawa kwambiri. Mabatire a njinga zamoto zamagetsi amakhala a 48V, 60V kapena 72V, ndipo la lithium la 72V la mtundu wofala likadzaza limafika 84V. Matchaja ake amatha kukhala ndi mutu wofanana pomwe mphamvu zake n'zosiyana. Kulowa kwa mutu sikutanthauza kuti tchajayo ndi yoyenera. Werengani zolembedwa pa tchaja ndi pa batire, zigwirizane. Tchaja ya batire la asidi siyenera kukhudza batire la lithium. M'kati mwa batire la lithium muli kabolodi kotchedwa BMS, kamene kamayang'anira timabatire tating'onoting'ono tambirimbiri ndi kudula magetsi kamodzi kakadzaza mopitirira, kakatheratu kapena kakatentha. Batire likamakana kutchaja, kawirikawiri ndi BMS imene yaona kuti kena mwa timabatireto kawonongeka. Wokonza amene angakuuzeni kuti alumikiza mawaya molambalala kabolodiko kuti mubwerere pa siteji lero lomwe, mukaneni. Kabatire kowonongeka kakakakamizidwa kamatentha, kamayatsa kanzake, kanzakeko kamayatsa kena, ndipo m'masekondi ochepa batire lonse limakhala likulavula moto ndi utsi wapoizoni.

Izi zachitikira anzathu amene anayamba kale kugwiritsa ntchito njingazi. Ku New York m'chaka cha 2023 mabatire a lithium anayambitsa moto maulendo 268 ndipo anthu 18 anafa. Ku Nanjing m'dziko la China, mu Febuluwale 2024, moto umene unayambira pamalo oimika njinga zamagetsi pansi pa nyumba yosanja unapha anthu 15. Kuno kwathu tili ndi chowonjezera ngoziyo. Poopa akuba, njinga imagona m'nyumba, nthawi zambiri pabalaza pafupi ndi chitseko, ndipo nyumba zambiri za lendi zili ndi khomo limodzi ndi zitsulo m'mawindo onse. Batire likayaka pamenepo usiku, banja lonse lilibe potulukira. Tchajani masana, muli maso, pa simenti, kutali ndi matiresi, makatani, makala ndi zigubu za petulo, ndipo pasakhale pakati pa anthu ndi khomo. Njinga ikangofika kuchokera kumsewu, batire lizizire kaye. Likadzaza, zulani. Batire limene latupa, lagwa mwamphamvu, lamira m'madzi, likutentha mosagwirika, likulira ngati likutulutsa mpweya kapena likutulutsa fungo lachilendo, lisatchajidwenso. Liikeni panja, kutali ndi nyumba, pamene ana safika.

Chimodzimodzinso galimoto imene yawoloka madzi akuya kapena yagunda pansi mwamphamvu. Tonse tikukumbukira madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Galimoto yotere isalumikizidwe kukhoma mpaka wodziwa ataiyeza, ndipo iimikidwe panja, mamita 15 kuchokera pa nyumba ndi magalimoto ena, chifukwa batire lovulala limatha kuyaka patapita maola kapena masiku.

Mukaona utsi, tulutsani anthu onse msanga, musabwerere kukatenga katundu, ndipo imani kumene kukuchokera mphepo kuti musapume utsiwo. Dulani magetsi pa main switch ngati mungafikepo popanda kudutsa pamoto. Itanani ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda ndipo muwauze kuti chikuyaka ndi batire la lithium, kuti abwere akudziwa kuti pafunika madzi ambiri ndiponso kuti motowo umatha kuyambiranso utazima. Musathire madzi pa chinthu chimene chikadali cholumikizidwa kukhoma. Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamugwire ndi manja. Dulani magetsi kaye, kapena mukankheni ndi mtengo wouma. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada n'kumadinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osalekeza kufikira thandizo litafika. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite naye kuchipatala cha Matawale kapena ku Zomba Central Hospital tsiku lomwelo, chifukwa magetsi amaotcha m'kati ndipo mtima ungasokonezeke pambuyo pake.

Kwa ogulitsa magalimoto ndi njinga zimenezi, musapereke makiyi popanda tchaja yoyenera magetsi athu ndi malangizo a m'Chichewa. Kwa a TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja monga Nasawa, tikupempha maphunziro aafupi a magetsi amphamvu a galimoto kwa amakanika amene ali kale m'magaraja, popeza ndi iwo amene akulandira magalimotowa lero. Eni nyumba, mlendi wanu akagula choyendera batire, khalani naye pansi mugwirizane za malo otchajira ndi za wamagetsi woti adzayeze earth.

Inu amene mwawerenga izi, kawafotokozereni akabaza pa siteji ndi anyamata ophunzira ntchito m'magaraja. Anyamata amenewo ndi amene amatumidwa kukamasula waya, ndipo ambiri mwa iwo sanauzidwepo tanthauzo la nthambo ya mtundu wa lalanje.